ALUYA A PA KANEMA NDI ASILAMU A M'LUSAKA

M'caka ca 2006 kunaturuka ku America kanema wa mphindi 50 wochedwa Reel Bad Arabs. Sanali kanema wa nthano ai, koma wa mtundu uja umene nchito yace ndiyo kufotokoza zinthu zocitikadi. Anamkonza ndi Sut Jhally, ndipo wolankhula m'menemo ndiye Jack Shaheen, mphunzitsi wa pa yunivesite amene anatha zaka zambiri ali kupenyetsetsa makanema a ku Hollywood ndi funso limodzi lokha, lakuti kodi Mluya ndi Msilamu aoneka bwanji pa nsaru yoyera ija. Nkhani yace ioneka ngati ya kutali, koma ikhudza mphunzitsi ali yense wa m'Lusaka. Pa kalembera wa 2010 anapeza kuti mwa anthu 1,000 a m'Zambia, Asilamu ndi asanu okha, pamene Akristu apitirira 950. Cotero mwana wa ku Chelstone kapena wa ku Woodlands akhoza kutsiriza sukulu osakhalapo ndi bwenzi la Cisilamu. Koma Asilamu a pa kanema wawaona mazana-mazana, ndipo ambiri a iwo anali ndi mfuti kapena bomba m'manja.

ZIMENE SHAHEEN ANAPEZA

Jack Shaheen anabadwa m'caka ca 1935 ku Pennsylvania, m'banja la Akristu ocokera ku Lebanon, namwalira m'caka ca 2017. Buku lace, limene kanemayo anatengako dzina, linasindikizidwa m'1901 ai, koma m'2001, patapita zaka zoposa 100 ciyambire nchito ya makanema. Ndipo m'bukumo anasanthula makanema oposa 900 m'mene muoneka Aluya. Anapeza kuti makanema ngati 12 okha ndiwo anaonetsa Mluya monga munthu wabwino, ena ngati 50 anamuonetsa monga munthu wamba wokhala ndi zabwino ndi zoipa zomwe, koma otsala onse anabwereza zithunzi zocepa zomwe-zomwezo.

Cithunzi coyamba ndi ca mfumu ya m'cipululu, yacuma, yankhanza ndi yosirira akazi Acizungu. Kanema wa 1921 wochedwa The Sheik, m'mene anasewera Rudolph Valentino, asimba za mfumu yotere imene inaba mkazi Wacingerezi. Ndipo pofika kumapeto zidziwika kuti mfumuyo si Mluya konse, pakuti atate wace anali Mngerezi ndi amace a ku Spain, ndipo pamenepo cikondi cao ciloledwa. Cithunzi caciwiri ndi ca mkazi, amene aoneka ali kubvina pamaso pa amuna, kapena ali cete m'nsaru yakuda, wopanda dzina ndi wopanda mau. Cacitatu ndi ca cigawenga, monga m'makanema a True Lies wa 1994 ndi The Siege wa 1998. Shaheen anadandaula kopambana ndi Rules of Engagement wa 2000, m'mene asilikari a America aombera khamu la anthu ku Yemen, ndipo pambuyo pace kanemayo aonetsa kuti ngakhale kamtsikana ka m'khamumo kanali ndi mfuti, kuti woonera aleke kumva cisoni. Ngakhale makanema a ana sanatsale: nyimbo yotsegulira Aladdin wa 1992 inanena za dziko la Aluya monga dziko la nkhanza, ndipo mau ena anasinthidwa m'1993 Aluya a ku America atadandaula.

Akale anati, umanena catsitsa dzaye kuti njobvu ithyoke mnyanga. Shaheen anachula zinthu zitatu zimene zinakulitsa cithunzi ca cigawenga: mkangano wa Israel ndi anthu a Palestine kuyambira 1948, kukana kwa maiko a Aluya kugulitsa mafuta m'1973, kumene kunakweza mitengo ku America, ndi kugwa kwa ufumu wa ku Iran m'1979, pamene anthu 52 a ku America anasungidwa mokakamiza ku Tehran masiku 444. Anthu a ku Iran si Aluya, koma pa kanema kusiyana kumeneku kunafafanizika. Kunafafanizikanso kuti Aluya ambiri ndi Akristu, monga Shaheen mwini, ndi kuti mwa Asilamu asanu a pa dziko lapansi, Mluya ndi mmodzi yekha. Dziko la Indonesia liri ndi Asilamu ocuruka kuposa dziko liri lonse la Aluya.

Sut Jhally yemweyo anali atakonza kale kanema wina m'1998, wokambirana ndi Edward Said, mwini buku la Orientalism la 1978. Said anaphunzitsa kuti Azungu anajambula anthu a Kum'mawa monga anthu osasintha, osaganiza bwino ndi oopsa, ndi kuti cithunzi cimeneci cinathandiza powalamulira. M'kanemamo anakumbutsa za bomba la ku Oklahoma City la pa 19 April, 1995, limene linapha anthu 168. Utsi usanathe, a nyuzi ndi a wailesi ambiri analoza cala Asilamu. Koma wocita cinthuco anapezeka kuti ndi Timothy McVeigh, Mzungu wa ku America komweko, amene anakhalapo msilikari.

MLUYA WA M'MABUKU A SUKULU

Kuno ku Africa wa pakati cithunzi ca Mluya woipa cinafika Hollywood asanamveke. Cinadza ndi mabuku a David Livingstone, ndi zithunzi za nyali zimene amishoni anali kuonetsa usiku, ndi mabuku owerenga a m'sukulu za mishoni. Ndipo cithunzico sicinali bodza lokha-lokha. Malonda a akapolo opita ku Kilwa ndi Zanzibar anapasula midzi yosawerengeka. A Jumbe a ku Nkhotakota anaolotsa akapolo pa nyanja. Mlozi anazunza Ankhonde kufikira pamene asilikari a Harry Johnston anampacika ku Karonga m'December 1895. Ndipo Livingstone anaona ndi maso ace kuphedwa kwa anthu ambiri pa msika wa Nyangwe pa 15 July, 1871. Mphunzitsi wobisa zimenezi alakwira ana ace ndi makolo ao omwe.

Koma mbiri yonse ndi yaikuru kuposa cithunzico. Cithunzi codziwika ca akapolo omangidwa m'magoli, cimene ciri m'buku la Livingstone la 1865, ndi ca anthu 84 amene iye ndi Bishop Mackenzie anawamasula pa mudzi wa Mbame m'July 1861. Anthuwo sanali kupita ku Zanzibar koma ku Tete, ndipo owakusa anali anyamata a Apwitikizi, anthu a dziko la Cikristu. M'cigwa ca Luangwa ndi ku Zumbo osakaza anali Acikunda a Matakenya ndi Kanyemba. Mafumu ena a Ayao, a Abemba ndi a Angoni anagulitsa anzao posinthana ndi nsaru ndi onga. Ndipo ngalawa za Azungu zinaolotsa anthu oposa 12 miliyoni pa nyanja ya Atlantic. Chimo limeneli linalibe mtundu umodzi kapena cipembedzo cimodzi.

Palinso zina zimene mabuku a sukulu sananene kawiri-kawiri. Kuciyambi kwa 1869 Livingstone anadwala cibayo nafika pafupi kufa, ndipo amene anamsamalira namnyamulitsa pa macila kumka ku nyanja ya Tanganyika ndiye Muhammad Bogharib, Msilamu amenenso anali kucita malonda a minyanga ndi akapolo. Livingstone atamwalira kwa Chitambo m'May 1873, atsogoleri a ulendo wonyamula mtembo wace kufikira ku Bagamoyo anali James Chuma ndi Abdullah Susi. Ndipo Susi anali asanabatizidwe, pakuti analowa Cikristu m'1886. Cotero m'nkhani imodzi yomweyo muli Msilamu wakupha, Msilamu wogula anthu amene anacitira mlendo cifundo, ndi Msilamu wokhulupirika kufikira imfa. Buku lonena kuti "Aluya" basi limeza anthu atatu osiyanawa m'dzina limodzi.

MZINDA WOGAWIDWA

Asilamu a m'Zambia anadza ndi njira zosiyana-siyana. Oyamba anali Aswahili a malonda, monga anthu a Chiwala amene anakhala kufupi ndi Ndola. Amwenye a Cisilamu ocokera ku Gujarat analowa ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, ca m'ma 1905, atadzera ku Nyasaland, ndipo pang'ono-pang'ono anafalikira kufikira ku Lusaka. Ayao a ku Nyasaland anadza kudzafuna nchito ku migodi ndi m'matauni. Pambuyo pa 1965, njira ya kumwera itabvuta cifukwa ca boma la Ian Smith, Asomali ena anadza monga oyendetsa malole a mafuta ocokera ku Dar es Salaam. Bambo Felix Phiri, wansembe wa cipani ca White Fathers, anasindikiza buku m'2008 losonyeza kuti Asilamu a m'Zambia sali gulu limodzi, koma mabungwe ambiri osiyana pa cinenero, pa cuma ndi pa miyambo.

Lusaka atasanduka likulu m'1935, boma la atsamunda linagawa mzinda monga mwa khungu. Azungu anakhala ku Ridgeway, ndipo pambuyo pace ku Woodlands ndi Kabulonga. Anthu akuda anaikidwa m'makomboni monga Kabwata, kumene nyumba zina zozungulira za nthawi imeneyo zasungidwa kufikira lero monga mudzi wa zaluso. Masitolo a mu Cairo Road anali a Azungu, ndipo ena a iwo anali kugulitsa munthu wakuda pa kazenera. Amwenye anapatsidwa dera la malonda lochedwa laciwiri, tsidya lina la njanji, ku Kamwala, kumene kuli mzikiti waukuru kufupi ndi msika wa Luburma. Sukulu nazo zinagawidwa: Gilbert Rennie ku Kabulonga ya anyamata Acizungu, Prince Philip ku Kamwala ya Amwenye ndi Makaladi, Munali ya anthu akuda. Motero anthu anadziwana pa thebulo la sitolo pokha, wina wogula wina wogulitsa, ndipo pamene anthu sacezerana mphekesera ndiyo ikhala mphunzitsi wao.

Mphamvu ya kanema pa anthu a dziko lino inadziwika kale. Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya m'1953 ndi 1954, analemba kuti anthu a ku migodi anakonda kwambiri makanema a makaubo, nacha ngwazi yace iri yonse dzina lakuti Jack, ndi kuti ambiri anayesa zoonekazo ndizo moyo weni-weni wa Azungu. Boma nalo linali kudula mbali zina za makanema lisanalole anthu akuda kuonera, poganiza kuti nzeru zao ndi za ana. Anthu a dziko lino adziwa tsono kuwawa kwa kuyesedwa ndi muyeso wa cithunzi cimene wina anajambula.

AMUNA AWIRI OGWIDWA M'ZAMBIA

Pa 29 December, 1991, Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza ku State House kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo mauwo analowa m'ciyambi ca malamulo akuru a dziko m'1996, pamodzi ndi lonjezo lakuti munthu ali yense ali ndi ufulu wa cikumbumtima. M'March 1993 boma lace linathetsa ubale ndi Iran ndi Iraq, ponena kuti maikowo anathandiza ciwembu cochedwa Zero Option. Koma ciyeso cacikuru cinadza pambuyo pa 11 September, 2001, pamene zigawenga za al-Qaeda zinapha anthu pafupifupi 3,000 ku America, ndipo Msilamu ali yense wa pa ulendo anayamba kuyang'anidwa ndi diso lokayika.

M'March 2002 Martin Mubanga, mbadwa ya Zambia amene anakulira ku England nalowa Cisilamu komweko, anagwidwa m'Zambia. Anali atayendako ku Pakistan ndi ku Afghanistan, ndipo ici cinakwanira kuti aperekedwe m'manja mwa America osaonekera ku bwalo la milandu. Anakhala m'ndende ya Guantanamo miyezi 33. M'January 2005 anabwezedwa ku England, namasulidwa wopanda mlandu uli wonse. Ndipo m'2010 boma la Britain linabvomera kulipira iye ndi anzace ena, cinkana silinabvomere kuti linalakwa. Zofanana nazo zinacitika ku Blantyre m'June 2003, pamene alendo asanu a Cisilamu anagwidwa usiku naturutsidwa m'Malawi, bwalo la milandu litaletsa kale. Asilamu ena a ku Mangochi anakwiya naononga nyumba za mapemphero za Akristu, amene sanalakwe kanthu. Ndipo amuna asanu aja anamasulidwa ku Sudan opanda mlandu.

Waciwiri ndiye Haroon Rashid Aswat, wobadwira ku England, amene anagwidwa m'Zambia pa 20 July, 2005, nasungidwa m'Lusaka kufikira pa 7 August pamene anatumizidwa kwao. Panali patapita masabata awiri okha cicitikire mabomba a ku London a pa 7 July, amene anapha anthu 52, ndipo dzina la Lusaka linamveka m'nyuzi za maiko onse. Aswat sanaimbidwe mlandu wa mabombawo; koma anali wotsatira wa Abu Hamza, mlaliki wa ciwawa wa ku London, ndipo m'1999 anapita ku Bly m'dera la Oregon kukathandiza kukhazika msasa wophunzitsa zigawenga. Anatumizidwa ku America m'2014, nabvomera mlandu m'2015, nalamulidwa kukhala m'ndende zaka 20.

Amuna awiriwa pa cithunzi ca m'nyuzi afanana: onse Asilamu, onse okulira ku England, onse ogwidwa m'dziko lino. Cimene cinawasiyanitsa ndi umboni. Wina anaweruzidwa m'bwalo napezeka wolakwa. Wina anataya zaka pafupifupi zitatu za moyo wace osaweruzidwa konse. Mwambi uja wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola ukhoza kukhala woona m'dengu la msodzi, koma bwalo la milandu likautsata limanga wosalakwa.

CIWAWA CIRIPO, NANGA NDI CA YANI?

Ena anatsutsa kanema wa Shaheen ponena kuti anasankha zidutswa zomkomera, ndi kuti sananene zokwanira za zigawenga zeni-zeni. Kutsutsaku kuli ndi mbali yace yoona, pakuti ciwawa cocitidwa m'dzina la Cisilamu si nthano ya Hollywood. Pa 7 August, 1998, mabomba a ku nyumba za akazembe a America ku Nairobi ndi Dar es Salaam anapha anthu 224, ndipo mwa iwo a ku America anali 12 okha. M'April 2014 a Boko Haram anaba atsikana 276 pa sukulu ya ku Chibok m'Nigeria. Ku Cabo Delgado m'Mozambique nkhondo inayamba pa 5 October, 2017, ku Mocímboa da Praia, ndipo ambiri a ophedwa ndi othawa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi Asilamu. Shaheen sanakane zotere. Cimene anakana ndi cakuti munthu mmodzi wa bomba aimire anthu oposa biliyoni.

Kanema wina wa 2009, wochedwa Inside Islam, anayesa kuyankha ndi ciwerengero. Anatsamira pa kafukufuku wa bungwe la Gallup m'maiko a Cisilamu oposa 35, amene John Esposito ndi Dalia Mogahed anamfotokoza m'buku lao. Anapeza kuti anthu 7 mwa 100 ndiwo anabvomereza kotheratu zocitika za pa 11 September, ndi kuti zifukwa zimene anaperekazo zinali za ndale, pamene ambiri otsutsa anachula cipembedzo cao monga cifukwa cotsutsira. Akatswiri ena anadzudzula kuti mwa 93 otsalawo munalinso ena obvomereza pang'ono, ndipo mphunzitsi woona mtima ayenera kuchula kudzudzula kumeneku pamodzi ndi ciwerengeroco.

Aphunzitsi ali ndi mnzao wa nchito woyenera kumkumbukira pa nkhani iyi. Pa 21 December, 2015, zigawenga za al-Shabaab zinaimitsa basi kufupi ndi Mandera m'Kenya, nizilamula kuti Asilamu apatuke kuti Akristu aphedwe. Asilamu a m'basimo anakana, ndipo akazi ena anabveka anzao Acikristu nsaru zao za kumutu. Salah Farah, mphunzitsi wa Cisilamu wa sukulu ya pulaimale, analasidwa ndi cipolopolo, namwalira ku Nairobi m'January 2016. Nkhani yace inakonzedwa kukhala kanema wamfupi wochedwa Watu Wote m'2017, ndipo wotsogolera nchitoyo anali Katja Benrath wa ku Germany. Ici cisonyeza kuti makina ojambulira a Azungu akhoza kuonanso Msilamu wa mtundu wina, ngati mwini makinawo afuna kumuona.

NCHITO YA MPHUNZITSI

Ana a masiku ano saonera kanema pa bwalo la komboni kamodzi pa sabata monga anacitira makolo ao. Amnyamula m'thumba pa foni, ndipo mphunzitsi sangathe kuwatseka maso. Cimene angathe ndi kuwazoloweza mafunso. Poyamba, anakonza cithunzici ndani, ndipo anafuna kuti woonera amve ciani? Kaciwiri, kodi munthu woonetsedwayo ali ndi dzina, ndi banja, ndi mau ace-ace, kapena angokhala m'khamu lopfuula? Kacitatu, ndani amene sanaonetsedwe? Mafunso omwewa agwira nchito pa kanema wonyoza Asilamu, pa uthenga wa zigawenga wonyoza Akristu ndi Azungu, ndi pa makanema akale onyoza anthu akuda.

Pa phunziro la mbiri, mphunzitsi acita bwino kuchula anthu ndi maina ao ndi zaka zao: Mlozi ndi zimene anacita ku Karonga, Matakenya ndi zimene anacita ku Luangwa, Bogharib, Susi, Aswat, Mubanga, Salah Farah. Mwana wophunzira motero adziwa kuda coipa popanda kuda mtundu wonse. Mipingo yomwe inayamba kale kuyenda njira imeneyi: mipingo ya Ciprotestanti inakhazika nchito yophunzira za Cisilamu m'Africa m'1959, ndipo msonkhano waukuru wa Akatolika ku Vatican unalengeza pa 28 October, 1965, kuti Mpingo uyang'ana Asilamu ndi ulemu. Lamulo loletsa umboni wonama, limene ana a sukulu za mishoni aliloweza pamtima, silipatula mnansi wa cipembedzo cina.

Ndipo ngati m'kalasi muli mwana mmodzi wa Cisilamu pakati pa ana 50, mphunzitsi asamuimiritse kuti ayankhe mlandu wa Mandera kapena wa London, monganso sangaimiritse mwana wa Cikristu kuti ayankhe mlandu wa ngalawa za akapolo. Sukulu za ku Kabwata ziri pa mtunda waufupi kucokera ku Kamwala potsata mseu wa Burma, ndipo mphunzitsi wopempha mwaulemu kwa akuru a mzikiti akhoza kupita ndi ana ace kukaona m'mene anansi ao apempherera, ndi kufunsa mafunso ao kwa eni ace.